Thengo lopanda mwini kulibe

Pali mau amene ndikawamva pa msonkhano mtima umandiwawa. Mauwo ndi akuti "malo awa alibe mwini". M'Cipwitikizi amawakometsa, amati terra livre, kapena terra ociosa, ngati kuti nthaka ndi mnyamata waulesi amene wangokhala pa khonde kudikira womulemba ganyu. Ndagwira nchito pa wailesi ya m'dera zaka zoposa 15, ndayenda ndi cojambulira mau m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ndi ya kumapiri m'distrito ya Lago, koma thengo lopanda mwini sindinalionepo. Cimene ndinaona ndi tsala limene eni ake alisiya kuti lipume. Ndinaona msitu umene amai amazulako bowa ndi kutolako masuku. Ndinaona dambo lomwetako udzu wofolera, mtsinje wovikamo cinangwa, phiri lokumbako mankhwala, ndi manda akale amene mlendo sangawazindikire cifukwa palibe mtanda kapena simenti, pali mitengo yokha imene munthu wa m'mudzimo sangayerekeze kuikhudza ndi nkhwangwa. Wobwera pa galimoto akasuzumira pa zenera amaona thengo. Ife timaona nkhokwe.

Cimene ndikufuna ndicinene poyamba, kuti amene akufuna kukwiya akwiyiretu. Mudzi uliwonse ukhale ndi dongosolo lake lolembedwa la malo ake onse: apa polima, apa pomanga, apa podyetsa ziweto, apa msitu, apa gombe la asodzi, apa posungira ana amene sanabadwe. Alipange ndi eni mudzi, livomerezedwe pa msonkhano wa anthu onse, ndipo likhale ndi mphamvu pamaso pa administrador ndi pamaso pa munthu wa ndalama. Lisakhale cithunzi copacika pa khoma la ofesi.

Caka cina anandiitana kuti ndikajambule mau pa consulta m'mudzi wina wa kumtunda. Kampani ina inkafuna malo. Magalimoto anafika dzuwa lili pamutu, anthu atakhala kale pansi pa mtengo kuyambira m'mawa. Zonse zinawerengedwa m'Cipwitikizi. Womasulira anali mnyamata wabwino mtima, koma atafika pa liu lakuti hekitala anangoti "munda". Mahekitala mazanamazana anasanduka "minda ingapo". Palibe anauza anthu kuti hekitala imodzi yokha imaposa bwalo la mpira. Palibe anaimirira n'kunena kuti tiyeni tiyende tikaone pamene malowo akuyambira ndi pamene akuthera. Analoza ndi dzanja: kucokera ku phiri ilo kufika ku mtsinje uko. Kenaka malonjezo anagwa ngati mvula ya mu Janeiro: sukulu, mjigo, cigayo, nchito ya acinyamata. Amai anali kumbuyo kwenikweni ndi ana pamsana, ndipo pa tepi yanga yonse palibe liu la mkazi, kupatula nthungululu pamene anachula cigayo. Amuna ocepa anasaina acta, makireti a refresko anatsitsidwa, magalimoto anabwerera dzuwa lisanapendeke.

Ine ndinaulutsa nkhaniyo madzulo ake monga nkhani ya citukuko. Ndikuvomera colakwa cangaco pano.

Patapita mvula ziwiri, gogo wina wa m'mudzimo anaimba foni pa pologalamu yanga, foni yobwereka kwa mdzukulu. Sanatukwane. Anangofunsa kuti, "Mwanangu, iwe unaliko tsiku lija. Kodi unamva ndani akunena kuti njira ya ku manda idzatsekedwa?" Ndinakhala cete pa maikolofoni, cinthu cimene woulutsa mau saloledwa kucita. Sindinamve munthu akunena zimenezo. Palibe anafunsa, cifukwa panalibe pepala, panalibe mapa, panalibe ciliconse cosonyeza kuti m'kati mwa "phiri ilo ndi mtsinje uko" muli njira, manda, masala ndi citsime.

Wina asandimve molakwa: lamulo lathu la malo si loipa. Ndimalidziwa cifukwa ndaliwerenga pa wailesi kambirimbiri, ndime ndi ndime, ndikulimasulira m'Cinyanja. Lamulo 19/97, la pa 1 Outubro 1997, limati nthaka yonse ndi ya Boma, sigulitsidwa, siikidwa cikole. Koma limatinso munthu kapena mudzi umene ukukhala pa malo potsata mwambo uli nawo kale ufulu wogwiritsa nchito malowo, DUAT imene timaimva ija, ngakhale popanda pepala. Limati Mmoçambique amene wakhala pa malo zaka 10 mosabera munthu ali nawonso ufuluwo. Limati umboni wa pakamwa wa anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi, ndi umboni ndithu. Ife amene tinathawa nkhondo tili ana, ena ku Likoma, ena ku Nkhotakota, ena ku Mbamba Bay, tikudziwa kulemera kwa mau amenewa. Titabwerera mtendere wa 1992 utabwera, bambo anga sanatulutse cikalata kuti apeze munda wao. Anapeza mitengo itatu ya mango imene anabzala agogo, anaitana acikulire awiri, nkhani inathera pomwepo. Lamulo la 1997 linalemekeza nzeru imeneyo. Limalamulanso kuti wofuna malo ayambe wafunsa eni dera, ndipo kuyambira 2011 kufunsako kuyenera kucitika pa misonkhano yosacepera iwiri, osati umodzi wa refresko.

Nanga vuto lili pati? Vuto n'lakuti m'dongosolo lonseli mudzi ndi woyankha cabe. Umadikira mlendo abwere ndi funso lake, pa tsiku lake, ndi mapa ake, ndi womasulira wake. Kale acta inkatha kusainidwa ndi anthu atatu okha, osapitirira 9, m'dzina la anthu zikwi. Malo akakhala osaposa mahekitala 1.000 nkhani imathera ku cigawo, akaposa apo imapita kwa nduna ku Maputo, akaposa 10.000 imapita ku Conselho de Ministros. Wa ndalama akapambana amatenga zaka mpaka 50, ndipo akhoza kuonjezera. Mudzi umapatsidwa masana amodzi kuti uganize za zaka 50. Ndani mwa ife amakwatitsa mwana wake mofulumira cotero?

Adzandiuza kuti pali delimitação. Ilipodi, ndondomeko yake inatuluka m'caka ca 2000, ndipo mabungwe monga ORAM ndi iTC athandiza midzi yambiri kuyenda malire ao ndi kulandira certidão. Nchito imeneyo ndimaiyamikira. Koma kawirikawiri cimene cimatsala m'manja mwa anthu ndi mzere wozungulira mudzi, mpanda wopanda zipinda. Certidão imanena pamene mudzi wathera. Sinena kuti m'katimo msitu uwu sugawidwa, dambo ili ndi la ng'ombe ndi mbuzi, gombe ili ndi loanikapo usipa. Adzandiuzanso kuti lamulo 19/2007 linakhazikitsa PDUT, dongosolo la malo la distrito yonse. Funsani m'mudzi mwanu amene analionapo. Limalembedwa ndi akatswiri obwera, m'Cipwitikizi ca ku yunivesite, pa mapa amene mudzi wonse ndi kadontho. Pamenepo panabwera Terra Segura, imene inayamba mu 2015 ndi colinga copereka ma DUAT 5 miliyoni. Pepala la munda wako ndi cinthu cabwino. Koma ukagawa mapepala a minda usanagwirizane za msitu, dambo ndi gombe, zonse zimene zilibe dzina la munthu mmodzi zimatsala panja, ndipo mawa zomwezo ndi zimene adzazicha terra livre.

Zotsatira zake tikuzidziwa, si nthano. Mitengo ya paini ndi bulugamu itabzalidwa m'madistrito a Lago, Sanga ndi Lichinga panabuka mikangano ya minda ndi masala, mpaka mu 2011 anthu a ku Licole ku Sanga anakazula mitengo ndi manja ao. Ku Tete mabanja oposa 700 anasamutsidwira ku Cateme kuti Vale ikumbe malasha ku Moatize, ndipo mu Janeiro 2012 anakatseka njanji cifukwa ca nthaka yosabereka ndi nyumba zong'aluka. ProSavana, imene Moçambique, Brasil ndi Japão anapanganira mu 2009, inayang'ana dera lonse la njanji ya Nacala kufika kuno ku Niassa, alimi anaimva mocedwa, anaikana zaka zambiri, mpaka inatsekedwa mu 2020. Konseku anthu anayamba kulankhula zinthu zitapsa kale. Ngakhale wa kampaniyo amataya: mbande zozulidwa ndi ndalama, milandu ndi ndalama.

Tsopano tiwoloke malire. Sitikupita kutali, ndi kwa abale athu omwe, amene timakwatirana nao ndi kugulitsana usipa. Ku Tanzania mudzi ndi boma. Amati serikali ya kijiji. Uli ndi khonsolo yosankhidwa ndi anthu, ya mamembala osaposa 25, ndipo mipando ina imasungidwira akazi. Pamwamba pa khonsoloyo pali mkutano mkuu wa kijiji, msonkhano wa munthu aliyense wa m'mudzimo amene wakwanitsa zaka 18. Lamulo lao la malo a midzi, la nambala 5 la 1999, linaika malo a mudzi m'manja mwa khonsolo imeneyi kuti iwasamalire m'malo mwa anthu, ndipo singagawe malo popanda cilolezo ca msonkhano waukulu. Lamulo la 2007 linaonjeza kuti khonsolo ya mudzi ndiyo mwini wa dongosolo la kagwiritsidwe nchito ka malo m'mudzimo.

Kacitidwe kake si ka matsenga. Akatswiri a ku distrito amabwera kudzathandiza, koma anthu amasankha komiti yao ya malo. Amayamba ndi kugwirizana malire ndi midzi yoyandikana nayo, cifukwa palibe angagawe zipinda m'nyumba imene makoma ake ali pa mlandu. Kenaka amajambula zimene zilipo lero, amawerengera kuti anthu ndi ziweto zidzaculuka bwanji m'zaka 10 zikubwerazo, n'kupatula malo: okhala, olima, odyetsa, msitu, magwero a madzi, sukulu ndi cipatala, manda, ndi osungira mtsogolo. Amalemba malamulo ang'onoang'ono, sheria ndogo, onena cimene cidzacitikire wolima m'njira ya ng'ombe kapena wotentha makala mu msitu wosungidwa. Msonkhano waukulu umavomereza, khonsolo ya distrito imatsimikiza, ndipo kucokera pamenepo malamulowo akhoza kumuimika munthu pa bwalo la milandu. Mapepala a minda ya munthu payekha amabwera pambuyo pake, osati patsogolo.

Kumene zinagwira, zinagwiradi. Ku distrito ya Kilwa, midzi monga Kikole ndi Nanjirinji inapatula misitu yao mwa lamulo, n'kuyamba kugulitsa yokha mitengo ya phingo, imene Aswahili amati mpingo, Apwitikizi pau-preto, mtengo umene azungu amapangira zitoliro zodula. Ndalama imalowa m'thumba la mudzi, msonkhano n'kugamula cocita nayo. Fanizirani ndi kwathu. Lamulo limatipatsa 20% ya msonkho umene odula mitengo ndi osaka nyama amalipira ku Boma, ndipo kuti ifike pamafunika komiti yolembetsedwa, akaunti ku banki, ndi kuleza mtima kwa fulu. Iwo amagulitsa mtengo monga eni. Ife timadikira nyenyeswa za msonkho wa mtengo wathu womwe. Ku Kiteto midzi ya oweta ng'ombe inafika pogwirizana midzi ingapo pamodzi kuti isunge malo amodzi odyetsera, cifukwa ng'ombe sidziwa malire a mudzi.

Sindikunena kuti ku Tanzania ndi kumwamba. Amene angandinene kuti ndagulidwa ndi Aswahili amve izi. Midzi ya kumeneko ndi yoposa 12.000, ndipo yambiri dongosololi ilibe, cifukwa limadya ndalama ndipo nthawi zambiri limadikira bungwe lakunja. Pulezidenti ali ndi mphamvu yocotsa malo m'manja mwa mudzi ponena kuti ndi zokomera dziko, ndipo malowo akaposa mahekitala 250 mau a msonkhano wa mudzi amakhala malangizo cabe, wogamula ali pamwamba. Mu Junho 2022 ku Loliondo Boma linazika zipilala pa malo okwana pafupifupi masikweya kilomita 1.500, amene Amasai ankati ndi a midzi yao yolembetsedwa, ndipo magazi anakhetsedwa. Coopsa cina n'cobisika kwambiri: dongosolo lenilenilo likhoza kusanduka msampha. Wolipira akatswiri akakhala yemweyo amene akufuna malo, mapa amatuluka ali ndi cigawo cacikulu colembedwa kuti "ca oika cuma", ndipo anthu amasaina okha kuti malo awa ndi otsala. Tisaiwalenso kuti maboma a midzi amenewa anabadwa m'nthawi ya ujamaa, m'zaka za m'ma 1970, pamene anthu anasamutsidwa mokakamiza, monganso ife tinalawa ma aldeia comunal. Gogo amene anaotcheredwa nyumba kuti akakhale pa mzere akamva liu lakuti "dongosolo" ali ndi cifukwa comveka cogwirira khasu lake mwamphamvu.

Koma zolakwa zimenezi zikutiphunzitsa ciani? Ku Loliondo mudzi unagonja cifukwa mphamvu yake inali yocepa pamaso pa akuluakulu, osati cifukwa inaculuka. Ujamaa ndi ma aldeia comunal zinapweteka anthu cifukwa mapa anacokera kumwamba. Mankhwala ake si kusiya kujambula. Ndi kugwira tokha colembera.

Apa ndiyankhe amene amanditsutsa, cifukwa amaimba foni ndipo ena amandiimitsa pa msika.

Ena, makamaka ovala taye, amati anthu akumudzi sangathe zimenezi, sadziwa kuwerenga mapa. Awa sindicedwa nao. Msodzi amene amacoka usiku wopanda mwezi, n'kukapeza malo ake a utaka poyang'ana nsonga za mapiri awiri, n'kubwerera mwera usanamugwire, ameneyo simungamuphunzitse za malo. Perekani kamtengo kwa amai asanu, muwaonetse mcenga, muone ngati sajambula mtsinje uliwonse ndi citsime ciliconse. Técnico ndi GPS yake tikumufuna, inde, monga timafunira mmisiri wa njerwa. Koma mmisiri sauza mwini nyumba kumene khomo liyang'ane.

Ena amati dongosolo lidzathamangitsa citukuko. Ine ndimati lidzathamangitsa akuba okha. Munthu woona mtima amene akufuna kumanga malo ogona alendo kapena kulima soya angakondwe kupeza mudzi umene unakhala pansi kale n'kunena kuti apa tikhoza kubwereketsa, apa ai, ndipo tikufuna zakutizakuti zolembedwa, ndi tsiku lake. Amene amakonda mdima ndi amene amafuna kumaliza zonse ndi anthu atatu kuseri kwa nyumba.

Koma mau olemera ndi a amene amati: mfumu ilipo, mukufunanso boma lanji m'mudzi? Apa ndiyenda mosamala, cifukwa ndinaleredwa kugwada pamaso pa mfumu ndipo ndimagwadabe. Pali mafumu amene akana envelopu, ndimawadziwa, ena anadedwa nazo ku ofesi. Mfumu ndiyo imadziwa kuti malire a mbumba iyi ndi mtengo uti, kuti manda a makolo ali pati, kuti anabwera poyamba ndani. Dongosolo lopanda mfumu lingakhale bodza. Koma tiyeni tinene zoona. Kuyambira Decreto 15/2000 mfumu inavekedwa yunifomu, inapatsidwa mbendera ndi kandalama ka Boma. Makolo athu anaona m'nthawi ya Apwitikizi zimene zimacitika régulo akamadya za ku ofesi: ndiye ankatolera msonkho ndi kugwira anthu a cibalo. Sindikuti lero ndi cimodzimodzi. Ndikuti munthu mmodzi, wokalamba, wosauka ngati ife tomwe, akaimiriridwa ndi chefe do posto mbali iyi ndi bwana wa galimoto mbali iyo, n'kupatsidwa colembera, si cilungamo kumuyembekeza kuti asenze yekha mudzi wonse. Mutu umodzi susenza denga. Dongosolo lolembedwa ndi cishango ca mfumu yomwe. Ikhoza kunena kuti, "Pepani bwana, si ine, ndi msonkhano. Msitu uwo tinautseka tonse, ndipo kuutsegula n'kufuna tonse." Mfumu imene ingakane cishango cotere, tiifunse bwino cimene ikuopa.

Ndipo pamsonkhanopo akazi asakhale kumbuyo. Kwathu kuno munda umayenda ndi mbumba. Mwamuna ambiri mwa ife tinabwera kudzakwatira, tikulima pa nthaka ya akazi athu ndi ya apongozi. N'zodabwitsa kuti tsiku la consulta mkamwini ndiye amasaina, mwini nthaka akuphika nsima ya alendo. Amene amadziwa mtunda wa ku nkhuni, amene amadziwa citsime cimene siciphwa mu Outubro, amene amadziwa kumene kuli dongo la mbiya, ndi mkazi. Mapa ojambulidwa ndi amuna okha adzakhala ndi bwalo la mpira, koma dongo adzaliiwala.

Tisamangoloza alendo. Cala cina ciloze ife. Ndani akugulitsa gombe? Lamulo limati nthaka sigulitsidwa, ndiye tinaphunzira kunena kuti "ndagulitsa mitengo ya mango ndi kanyumba", pamene tonse tikudziwa kuti cagulidwa ndi mcenga wa m'mbali mwa nyanja. Lero pali malo amene msodzi amasowa pokokera bwato, amai amasowa poika thandala la usipa, cifukwa mpanda wa waya wafika m'madzi. Malamulo a malo amati mamita 50 kucokera pamene madzi a nyanja amafika akadzaza ndi malo otetezedwa, ndiponso mamita 100 kuzungulira kasupe. Ndani amazitsata? Mu 2024 nyanja inakwera, inalowa m'nyumba ndi m'minda, inatikumbutsa yokha pamene pali malire ake. Ndani amalima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, n'kumadabwa kuti dimba lakokoloka? Ndani amayatsa phiri lonse cifukwa ca mbewa? Ku Lupilichi golide wakoka anthu a mitundu yonse, maenje ali ponseponse, ndipo mitsinje yasanduka phala. Nyanja yathu inalengezedwa kukhala reserva mu 2011, koma usipa sungasungidwe m'madzi ngati kumtunda nthaka yonse ikutsetserekera momwemo. Dongosolo limene ndikunenali lidzatiluma ifenso. Lidzauza mwana wa mfumu kuti apa sumanga. Lidzandiuza ine kuti munda wanga wa m'mbali mwa mtsinje ndiubweze m'mbuyo. Ndidzadandaula, koma ndidzaubweza, ngati lamulolo tinalipanga tonse ndipo likugwira aliyense mofanana.

Tsopano funso kwa olemba malamulo ku Maputo. Constituição yathu imati maboma a anthu odzisankhira okha ali mitundu iwiri: município ndi povoação. Ma município alipo, Metangula ndi imodzi mwa oyamba a 1998, ndipo anthu a m'tauni amasankha owatsogolera. Nanga povoação ili kuti? Zaka zonsezi palibe ngakhale imodzi inakhazikitsidwa. Munthu wa ku Cóbuè, wa ku Lunho, wa ku Maniamba amalamulidwa ndi chefe amene sanamusankhe ndipo sangamucotse. Pali ma conselho consultivo, koma dzina lao lomwe likunena: amafunsidwa, sagamula. Kuyambira 2020 Boma lakhala likukonzanso nkhani za malo, ndipo mu 2022 linavomereza ndondomeko yatsopano. Ngati mukukonzadi, lembani momveka kuti mudzi uli ndi msonkhano wa anthu onse umene ndiwo mwini mau pa malo ake. Lembani kuti dongosolo la mudzi likavomerezedwa, DUAT iliyonse yotsutsana nalo ndi yakufa. Lembani kuti wofuna malo asalipire yekha akatswiri ojambula mudzi umene akuufunawo. Lembani kuti pepala lililonse limene anthu asaina likhale m'cilankhulo cao, Cinyanja, Ciyao kapena Emakhuwa, ndipo kope imodzi itsale m'mudzi. Ndalama kulibe? Ya mayunifomu a mafumu inapezeka. Ya zikondwerero zoperekera mapepala, ndi matenti ndi ma kamizeti, imapezeka caka ndi caka.

Koma sindikufuna kuti wowerenga atseke kabuku aka n'kukhala pansi kudikira Maputo. Lamulo limene lilipo kale limati midzi itenge mbali posamalira zacilengedwe, pothetsa mikangano ndi posonyeza malire a malo ake. Palibe ndime imene imaletsa mudzi kukhala pansi mwezi wa Agosto, nchito ya kumunda itacepa, n'kuyamba. Itanani mafumu oyandikana nao, yendani malire ndi miyendo, acikulire patsogolo, acinyamata ndi mafoni ao pambuyo akujambula mtengo uliwonse ndi mwala uliwonse wa malire. Amai ajambule paokha, amuna paokha, asodzi paokha, kenaka muphatikize, ndipo pamene mapa akusiyana ndi pamene pali nkhani yofunika kukambirana. Werengani ana a m'mudzimo, mudzifunse kuti akadzakula adzalima kuti. Tsala mulilembe kuti tsala la uje, lapuma zaka zakuti, lisaoneke ngati thengo. Mphunzitsi alembe zonse m'kaundula, m'Cinyanja, ziwerengedwe mokweza pa msonkhano kawiri, masiku osiyana. Kope ina kwa mfumu, ina ku sukulu, ina kwa mai amene anthu amamukhulupirira, ina ipite ku distrito ndipo mubwere nayo yanu itamenyedwa karimbu. Pamenepo pemphani delimitação, muli ndi canu kale m'manja. Pepala lotere lero silingamange administrador manja, ndikudziwa. Koma tsiku la consulta magalimoto akadzafika, adzapeza anthu amene akudziwa kukula kwa hekitala, ndipo wina akadzaloza "phiri ilo ndi mtsinje uko" padzaimirira munthu ndi kaundula n'kuwerenga zimene zili m'katimo, cimodzicimodzi.

Gogo uja anamwalira caka catha. Onyamula maliro anazungulira mpanda, ulendo umene kale unali wa mphindi zocepa unawatengera pafupifupi ola lathunthu, ndipo anasinthana mapewa kangapo. Mudzi woyandikana nao, umene sunafikiridwebe ndi magalimoto, wanditumira uthenga kuti akakolola ayenda malire ao, ndipo akufuna ndikajambule mau a acikulire pa mtengo uliwonse. Ndawauza kuti ndibwera ndi mabatire okwanira masiku atatu, ndipo maikolofoni ndidzayambira kumbuyo kumene kumakhala amai.